TV ikapsa ku Kalomwe

TV yopyapyala, ija yopachika pakhoma, imafa mwakachetechete. Kawirikawiri siphulika, ndipo utsi suoneka. Kagetsi kofiira kamene kamakhala kakuyaka m'munsi mwa galasi kamangozima, basi. Eni nyumba amayamba ndi kukayikira rimoti, amasintha mabatire, amayesa soketi ina, amagona n'chiyembekezo chakuti mwina mawa iyaka yokha, pakuti n'kovuta kuvomereza msanga kuti chinthu chimene chinadya ndalama za mbatata ya kachewere ya dimba lonse chatha m'kamphindi. Ku Kalomwe, pachipata cha malire a Mozambique ndi Malawi moyang'anizana ndi Dedza, zoterezi zimachuluka m'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, pamene mitambo imaunjikana pamapiri a Angónia ndipo mabingu sachedwa kugunda dzuwa likapendeka. Zimachitikanso pa mphindi imene anthu amaidikira ndi mtima wonse, magetsi amene anathima akabwerera, ana akukuwa panja kuti ayaka. Chosautsa n'chakuti choonongacho palibe amene amachiona. Mbala imasiya zenera lothyoka ndi mapazi pabwalo, koma apa zonse m'nyumba zili m'malo mwake, galasi likunyezimira ngati dzulo, kungoti silikuonetsa kanthu.

Njira imene TV inadzera kuti ifike pakhomapo ili ndi mbali yake pa nkhaniyi. Zina zimagulidwa ku Ulónguè, likulu la boma la Angónia, kapena mumzinda wa Tete. Zina zimaoloka kuchokera ku Dedza ndi ku Lilongwe. Zinanso zimatsika m'mabasi ndi m'malole ochokera ku Joni, amene amadzera ku Beitbridge, ku Nyamapanda ndi pamlatho wa Zambezi ku Tete asanayambe kukwera mapiri. Mwana amene watha zaka akukhetsa thukuta ku Johannesburg kapena ku Cape Town amafuna kuti makolo ake akhale ndi chooneka m'nyumba, ndipo TV za Hisense, kampani imene inatsegula fakitale yake ku Atlantis pafupi ndi Cape Town mu 2013, zayenda kwambiri mumsewu umenewu pamodzi ndi za Samsung ndi LG. Magetsi a maiko atatuwa sasiyana kwenikweni: mavoti 220 ku Mozambique, 230 ku Malawi ndi ku South Africa, ndipo TV zambiri za masiku ano kumbuyo kwake kumalembedwa kuti zimalandira kuyambira 100 mpaka 240. Kusiyana kuli pa pulagi. Ya ku Mozambique nthawi zambiri ili ndi mano awiri obulungira, ya ku Malawi atatu aphanthiphanthi, ya ku South Africa atatu obulungira koma aakulu. Motero m'nyumba imodzi ya pamalire mumapezeka mitundu yonse itatu, ndipo soketi imene ili pakhoma imavomera umodzi wokha.

Zotsatira zake aliyense wa kuderali anazionapo. Pulagi imadulidwa, mawaya amasendedwa n'kulowetsedwa m'mabowo a soketi, n'kutsinira ndi timitengo ta machesi. Kapena pamagulidwa ka adaputa ka pamsika, kamene kamalendewera ndi kulemera kwa nthambo, n'kumalira tche-tche-tche munthu akakakhudza. Kulirako ndi moto umene ukudumpha pakati pa zitsulo zosagwirana bwino, ndipo kudumpha kulikonse kumazimitsa ndi kuyatsa TV mofulumira kuposa mmene inapangidwira. Chotayika china pa kulumikiza kotere ndi dzino lachitatu, lija limapita ku waya wa pansi. TV zambiri zopyapyala zili ndi mano awiri okha ndipo zimayaka bwinobwino popanda waya ameneyu, n'chifukwa chake anthu amamuyesa wachabe. Kufunika kwake kumadziwika tsiku limodzi lokha, tsiku limene mphamvu yopyola muyeso yalowa m'nyumba ndipo ikufuna potulukira.

Mmisiri akamasula zomangira za kumbuyo, chodabwitsa choyamba ndi kuchepa kwa zinthu zimene zilimo. TV zakale zija za chimsana zinali zodzaza, zolemera, zotentha. Iyi ili ndi malo ambiri opanda kanthu ndi zigawo zowerengeka. Pali bodi ya magetsi, pamene nthambo ya kukhoma imafikira, imene imasandutsa mavoti 220 kukhala mphamvu zing'onozing'ono zimene zigawo zina zimadya. Pali bodi yaikulu, ya madoko a HDMI, a USB ndi a eriyo, imene imalandira zithunzi ndi mawu. Pali kabodi kena kotchedwa T-con, kamene kamagawira zithunzizo ku galasi, ngakhale m'ma TV ena kanaphatikizidwa ndi bodi yaikulu. Kuseri kwa galasi kuli mizere ya timagetsi ta LED, pakuti galasi la LCD palokha silitulutsa kuwala, limangotsekereza kapena kulola kuwala kochokera kumbuyo. Ndiye pali galasi lenilenilo, limene ndilo gawo lodula kuposa onse. Mtengo wa kukonza umatsamira pa funso limodzi: mwa zisanuzi chafa n'chiti?

Mmisiri wodziwa ntchito yake sathamangira sikuludiraiva. Amayamba ndi mafunso, ndipo mafunsowo ndiwo theka la ntchito. "Bambo, inazima kuli mvula, kapena magetsi atangoyaka?" "Mayi, kodi pali chinanso chapsa m'nyumbamo? Dikoda ikugwira? Nanga kwa aneba?" Kenako amaika TV chafufumimba pa bulangeti, kuti galasi lisakandike, pakati pa mawailesi, mafoni ndi machaja odikira nthawi yawo. Ngati kagetsi kofiira sikakuyaka n'komwe, maso ake amapita pa bodi ya magetsi. Ngati mawu akumveka koma chithunzi palibe, amatseka chitseko kuti muchite kamdima, amayatsa tochi ya foni n'kuigunditsa pafupi ndi galasi cham'mbali. Mwini TV amene waima pambali amaona chozizwitsa: m'kati mwa mdimawo mukuyenda zithunzi zofooka, nkhope ya wowerenga nkhani kapena manambala a tchanelo. Pamenepo nkhope yake imamasuka, ndipo n'koyenera, chifukwa zikutanthauza kuti mabodi ndi galasi zili moyo, chafa ndi kuwala kwa kumbuyo. Timagetsi ta LED timalumikizidwa motsatana, kamodzi kakapsa mzere wonse umathima, ndipo kawirikawiri bodi imazimitsa yonse podziteteza. Koma ngati pagalasi pali mizere yoimirira yosasuntha, kapena banga lakuda lotambalala ngati inki yotayika, mmisiri amapukusa mutu asanatsegule n'komwe.

Pa bodi ya magetsi ndi pamene nkhani ya kukwera kwa mphamvu imawerengeka bwino, chifukwa moto umasiya mapazi. Pafupi ndi polowera nthambo pali fyuzi, ndipo m'mabodi ambiri pambali pake pali kachipangizo kooneka ngati kandalama kachitsulo, kabuluu kapena kachikasu, kotchedwa varistor. Ntchito yake ikufanana ndi kangalande kotayira kamene mlimi wa kudimba amakumba pambali pa ngalande yaikulu: madzi akamayenda mwa masiku onse kamakhala kouma, koma akasefukira kamawapatutsa kuti asakokolole mbewu. Mphamvu ikadumpha, varistor imatsegula njira, fyuzi imaduka, ndipo zam'kati zimapulumuka. Mmisiri akapeza fyuzi yakuda ndi varistor yong'aluka, nthawi zina kusintha ziwirizi n'kokwanira, ndipo ndi tizinthu totsika mtengo. Mphamvuyo ikakhala kuti inapyola, amapeza madayodi anayi osandutsa magetsi atapsa, thiranzisita yaikulu itagwirana m'kati, makapasita atatupa pamutu. Apa pali zoopsa ziwiri. Choyamba chili pa munthu: kapasita wamkulu wa pabodiyi amasunga mavoti oposa 300, ndipo amatha kuwasungabe TV itazulidwa kale kukhoma, kotero kutsegula TV mongoyerekeza kunyumba n'kuika moyo pachiswe. Chachiwiri chili pa chipangizocho. Pali chizolowezi chomanga fyuzi yoduka ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, ndi chochotsa varistor yopsa osaikapo ina. TV imayakadi, mwini wake amalipira mosangalala, koma wanyamula chinthu chimene chilibenso mlonda. Ulendo wotsatira chopsa chidzakhala bodi yonse, mwinanso nyumba. Uku si kukonza, ndipo mwini TV ali ndi ufulu wopempha kuti aonetsedwe zimene zachotsedwa ndi zimene zalowa m'malo mwake.

Zosinthira ndizo zimachedwetsa ntchito m'tauni ya pamalire. Fyuzi ndi makapasita zimapezeka, koma bodi yathunthu kapena mizere ya LED iyenera kufanana ndi ya TV imeneyo, ndipo chofananitsa si dzina la kampani lokha ayi, ndi nambala yolembedwa pa bodi kapena pa mzerewo. TV ziwiri za dzina limodzi ndi kukula kumodzi zimatha kukhala ndi zam'kati zosiyana. Motero mmisiri amajambula nambala n'kutumiza pa WhatsApp kwa anzake a ku Lilongwe, ku Tete kapena ku Joni, n'kudikira basi. N'chifukwa chakenso m'mashelefu a amisiri mumadzaza ma TV akufa. Ya galasi losweka imapereka mabodi ake ku ina imene inapsa ndi mphenzi, ndipo mwa ziwiri zakufa mumatuluka imodzi yamoyo. Luso limeneli n'loyenera ulemu, chifukwa likusunga ndalama za mabanja ndiponso likuchepetsa zinyalala za magetsi, zimene zikatenthedwa kudzala zimatulutsa utsi wa poizoni. Pa galasi pokha m'pamene nzeru zimathera. Mtengo wa galasi latsopano, kuphatikiza kuliyendetsa osasweka m'misewu ya m'mapiri, umayandikira kapena kupyola wa TV yatsopano. N'zomvetsa chisoni kuti magalasi ena amasweka pa ulendo wopita kokakonzetsa, TV itagonekedwa pakaliyala ya njinga yamoto n'kumangidwa ndi mphira wothina pakati. Iyenera kuyenda choimirira, itakulungidwa m'bulangeti, munthu ataigwira m'mbali, osati pagalasi.

Komabe TV ikayaka pa tebulo la mmisiri, funso lalikulu limakhala lisanayankhidwe. Chimene chinapsa chadziwika, nanga chinachipsetsa n'chiyani? TV yokonzedwa imabwerera kukhoma lomwelo, pa soketi yomweyo, pansi pa dishi yomweyo. Apa maganizo ayenera kutuluka m'shopu n'kutsata nthambo kumene ichokera. Chigawo cha Tete, mmene muli Angónia, n'chimene chili ndi damu la Cahora Bassa pa Zambezi, ku Songo, limene linamangidwa kuyambira 1969 mpaka 1974, ndipo makina ake asanu amatha kupanga mamegawati 2,075. Mbali yaikulu ya mphamvu imeneyi imayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku Apollo ku South Africa, ndipo kuyambira 2007 ulamuliro wa damuli uli m'manja mwa Mozambique.  Munthu akhoza kuganiza kuti wokhala m'chigawo cha damu lotere sangadandaule za magetsi, koma kuchuluka kwa mphamvu kugwero ndi kukhazikika kwake pasoketi ndi nkhani ziwiri. Kuti magetsi amene kampani ya EDM imagawa afike m'nyumba ya ku Angónia, amayenda pa mapolo mtunda wautali, m'zitunda zoonekera, pakati pa mitengo, m'dziko lokwera limene mapiri ake monga Dómuè ndi la Dedza amapyola mamita 2,000. Nthambo yaitali ya pamtunda, kulikonse padziko lapansi, imakumana ndi mphepo, nthambi zogwa, mbalame ndi mphenzi.

Anthu amangoti magetsi anabwera ambiri, koma m'mawu amenewa muli mavuto angapo osiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Pali kudumpha kwa kamphindi, kwa mavoti masauzande koma kosakwana ngakhale gawo laling'ono la sekondi, kumene kumadza ndi mphenzi kapena ndi kuzima ndi kuyaka kwa makina aakulu monga chigayo ndi makina owotcherera zitsulo. Pali kugwedezeka kwa pamene magetsi akubwerera, makamaka akamayaka, kuthima, n'kuyakanso kangapo motsatizana. Pali kufooka kwa madzulo, aliyense akayatsa zake, mababu n'kufiira. TV imapirira ndithu, koma mota ya furiji imavutika n'kutentha. Ndiye pali vuto loopsa kuposa onsewa, limene ambiri salidziwa. Thiransifoma imatulutsa mawaya atatu amoto ndi mmodzi wobwerera, wotchedwa nyutulo. Pakati pa waya wamoto ndi nyutulo pali mavoti 220, koma pakati pa mawaya awiri amoto pali pafupifupi 380. Nyutulo akaduka, kaya ndi dzimbiri, kaya ndi mtengo wogwa, kaya ndi akuba mkuwa, nyumba zina zimalandira mphamvu yochepa pamene zina zimalandira yoyandikira 380, osati kwa kamphindi koma mpaka wina azimitse. Chizindikiro chake n'chakuti mababu ena amawala mochititsa mantha pamene ena akufooka, machaja amanunkha, mafani amathamanga. Zikatero chofunika n'kuthamangira pa swichi yaikulu ya pamita n'kuzimitsa nyumba yonse, kenako kudziwitsa aneba ndi a magetsi. Tsiku limene ma TV a mzere wonse wa nyumba apsa pamodzi kunja kuli ngwee, kawirikawiri chachitika ndi chimenechi.

Mphenzi ili ndi malo akeake m'mitima ya anthu, ndipo si chinthu choyankhula mopepuka m'dera limene imapha anthu ndi ng'ombe. Ikagwa pakhomo pa munthu mmodzi n'kusiya ena, mafunso amabuka, ndipo nthawi zina zala zimaloza m'bale kapena mnansi. Chisoni chimene chimabala mafunsowo n'chomveka, koma njira ya mphenzi ili ndi zifukwa zooneka ndi maso: mtengo wa bulugamu wotalika kuposa ina, mlongoti wa eriyo womangidwa pansonga ya nsungwi, dishi ya padenga la malata, nyumba ya pachitunda. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo mlimi wa ku Angónia amene chimanga, nyemba ndi fodya wake zimadalira dzinja sangapemphe kuti mitambo ipite kwina. Kung'anima kumodzi kumanyamula ma ampere pafupifupi 30,000. Sikofunika kuti igwe panyumba penipeni. Ikagwa pa nthambo kapena pansi chapafupi, mawaya onse ozungulira amatola gawo la mphamvuyo. Ndipo apa pali chimene chimaiwalika kawirikawiri. TV ili ndi makomo awiri. Loyamba ndi nthambo ya kukhoma. Lachiwiri ndi nthambo ya dishi kapena ya eriyo, imene imatsika kuchokera padenga kulowa mu dikoda ya DStv, GOtv, ZAP kapena StarTimes, n'kupitirira pa HDMI kukafika pa bodi yaikulu. Banja limatha kuzimitsa swichi ya pakhoma mokhulupirika, koma m'mawa n'kupeza dikoda yafa ndi doko la HDMI lapsa. Kuonongeka kolowera khomo lachiwirili n'kodula, chifukwa kumeneko kulibe fyuzi yoti iduke.

Zotetezera zilipo pamsika, koma zimagulidwa mosokoneza chifukwa zimaoneka zofanana. Ekisitenshoni ya mabowo asanu yokhala ndi swichi yowala siteteza kanthu, imangochulukitsa masoketi, ndipo zambiri zotsika mtengo zili ndi mawaya opyapyala amene amatentha. Yoteteza yeniyeni imakhala ndi varistor m'kati, ndipo pachikuto pamalembedwa kuchuluka kwa mphamvu imene ingameze, m'majoule. Iyi imathandiza pa kudumpha kwa kamphindi, koma imatha pang'onopang'ono ndi nkhonya iliyonse imene yalandira, ndipo ikafa masoketi ake amapitiriza kupereka magetsi ngati palibe chachitika. Ngati ili ndi kagetsi kosonyeza chitetezo ndipo kazima, yatha ntchito. Mtundu wina ndi uja ambiri amautcha gadi, wa TV kapena wa furiji. Iyeyu amayeza mphamvu nthawi zonse, ikakwera kapena kutsika kupyola malire amadula, ndipo magetsi akabwerera amadikira kaye asanalumikize. Pa vuto la nyutulo ndi la kuyaka n'kuthima, gadi ndiye wothandiza kwambiri, ndipo furiji imamufuna koposa chifukwa mota yake iyenera kupuma mphindi zitatu kapena zisanu isanayambenso. Kudikirako kumatopetsa anthu mpira ukakhala uli m'kati, mpaka ena amamuchotsa, osadziwa kuti mphindi zimenezo ndizo anagula. Sitebulaiza imakweza mphamvu yofooka n'kutsitsa yokwera pang'ono, koma imachedwa kwambiri poyerekeza ndi liwiro la mphenzi. UPS ili ndi batire, ndipo phindu lake lalikulu lili pa kompyuta. Pa nyumba wamba ya ku Kalomwe, gadi wabwino wokhala ndi varistor m'kati, wolumikizidwa pa soketi yolimba, amaposa zinazo poyerekeza ndi mtengo wake. Palibe ngakhale chimodzi mwa zonsezi chimene chingaimitse mphenzi yogwa panyumba penipeni, ndipo wogulitsa amene akulonjeza zimenezo akunama.

Pa mphenzi yapafupi chitetezo chodalirika n'chaulere: kuzula pulagi kukhoma ndi kumasula nthambo ya dishi kumbuyo kwa dikoda. Kuzimitsa ndi rimoti sikuthandiza, chifukwa bodi ya magetsi imakhala ikadali yolumikizidwa. Kuzimitsa swichi ya pakhoma n'kwabwinoko, koma kampata ka m'kati mwa swichi n'kakang'ono kwambiri kwa mphamvu imene yadumpha kuchokera kumitambo. Kuzulako kuchitike mvula ikadali kutali, osati ziphaliwali zili pamutu, pakuti nthawi imeneyo kugwira nthambo n'koopsa kwa munthu. Mtunda wake ndi wosavuta kuyeza: phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, choncho kuwerenga kuchokera pa kung'anima kufika pa kugunda kumasonyeza pamene mphenzi ili, ndipo bingu likangomveka ndiye kuti ili kale pamtunda woti ingafike. Akatswiri a zanyengo amalangiza kudikira mphindi 30 chigundireni bingu lomaliza. Zonsezi n'zosavuta kunena. Chovuta n'chakuti mvula imabwera anthu ali kumunda kapena kumsika, TV itasiyidwa pakhoma. Imabwera usiku onse ali m'tulo. Imabwera m'nyumba yoonetsera mpira mutadzaza anthu amene alipira kale pakhomo, ndipo mwini wake akuopa kubweza ndalama. Chizolowezi chokha n'chimene chimagwira ntchito pamenepa: m'dzinja, wotuluka m'nyumba pomaliza ndi wogona pomaliza azizula, ndipo magetsi akathima pulagi izituluka nthawi yomweyo n'kubwerera mababu atakhazikika. Kuti izi zitheke, soketi ikhale pofikirika ndi dzanja, osati kuseri kwa kabati yolemera.

Nyumba za kumidzi yozungulira zimene zimadalira sola kapena jenereta zili ndi mavuto akeake. Kajenereta kakang'ono kamasinthasintha mphamvu, makamaka poyamba kulira ndi pamene mafuta akutha, kotero TV ilumikizidwe injini itakhazikika ndipo ichotsedwe injini isanazimitsidwe. Ma inveta otsika mtengo amatulutsa magetsi okhakhala amene amatenthetsa bodi. TV ya mavoti 12 yolumikizidwa pa batire imafa nthawi yomweyo mawaya akatembenuzidwa, wofiira kupita kwa wakuda, pokhapokha ngati pali fyuzi ndi choteteza panjira. Mapanelo a padenga nawonso ndi khomo la mphenzi.

Zinthu zikapsa m'nyumba zingapo nthawi imodzi, nkhaniyo ikaperekedwe ku ofesi ya EDM mwamsanga, molemba, ndi tsiku, ola, nambala ya mita ya Credelec ndi mndandanda wa zoonongeka, ndipo zopsazo zisungidwe osatsegulidwa kufikira zitaonedwa. Bungwe loyang'anira za mphamvu ku Mozambique ndi ARENE, monga ilili MERA kutsidya kwa malire. Kudandaula pamodzi kumathandizanso kuti waya womasuka pa polo kapena pa thiransifoma apezeke asanapsetse zina. Koma gawo la kuyambira pamita kulowa m'nyumba ndi udindo wa mwini nyumba, ndipo kumeneko n'kumene zotetezera zonse zimatsamira. Varistor imene ili mu ekisitenshoni yoteteza kapena mu gadi imapatutsira mbali ya mphamvu yosefukira ku waya wa pansi, ndipo waya ameneyu ayenera kuthera pa chitsulo chokutidwa ndi mkuwa, chotalika kupyola mita imodzi, chokhomedwa m'nthaka kunja kwa nyumba n'kumangidwa ndi chomangira cholimba. M'nyumba zambiri zimene mawaya ake anaikidwa mofulumira, dzino lachitatu la soketi silinalumikizidwe kulikonse, kapena waya wake anaduka kalekale ndi khasu polambula pabwalo, kapena chomangira chinadyeka ndi dzimbiri. Dishi ndi nthambo yake ziyeneranso kulumikizidwa ku chitsulo chomwecho, osati china chapadera, kuti makomo awiri a TV asasiyane mphamvu mphenzi ikagwa pafupi. Amene angakwanitse akhoza kuikitsanso choteteza chachikulu pa bokosi la maswichi, chimene chimalandira nkhonya yoyamba m'malo mwa nyumba yonse. Ntchito zimenezi ndi za wamagetsi wophunzira amene ali ndi chida choyezera, ndipo mtengo wake sufika pa wa bodi yaikulu ndi dikoda zikapsa pamodzi. Nthawi yabwino yomuitana ndi Seputembala kapena Okutobala, mvula isanagwe, chifukwa nthaka youma ndiyo imakana magetsi kwambiri, ndipo chitsulo chimene chayezedwa n'kupezeka bwino m'chilimwe chidzagwira ntchito m'dzinja lonse.